Mphepo Ikakula Ukanene Kuti Iyayi

Misozi, mwana wanga,

Iwe wapita ku boma la Chongwe kukalukitsa tsitsi, ine ndatsala pansi pa mtengo wa mango ndi mapepala amene ndang'amba m'kope lako lakale la kusukulu. Ndikudziwa kuti useka, unena kuti amai akulemba kalata ngati kuti mafoni anatha m'dziko. Seka. Pafoni ndimayamba bwino, koma ndikafika pa nkhani yeniyeni ndimangomaliza n'kukufunsa ngati wadya. Zimene ndikufuna kukuuza lero sizinenedwa ndi munthu amene akulira, n'chifukwa chake ndazilemba. Kalatayi ndiibisa pansi pa nshawa, mtedza wokazinga uja, m'chikwama chako. Ukaipeza njala ikakugwira, ndipo pamenepo udzakhala uli kutali moti sungandidule mawu.

Mawa m'mawa ndikuperekeza pamsewu, ukwera minibasi ya ku Lusaka, kenako ndege. Zaka zonsezi ndakhala ndikuweramuka pa khasu kuyang'ana ndegezo zikamadutsa pamwamba pa munda wathu, osadziwa kuti tsiku lina imodzi idzanditengera mwana mmodzi yekhayo amene ndili naye. Mtima ukundiwawa, sindikubisira. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo iwe ndiwe mwana wa ng'ona ndithu, ngakhale unabadwira kuno kwa Nkomeshya kumene madzi timawadziwira m'chidebe.

Ntchito yakoyi ndinaimvetsa movutikira. Anzanga akutchalitchi akandifunsa ndimangoti ukukagwira pa hotela ya m'mbali mwa nyanja yamchere ku Tanzania, ndipo amagwedeza mutu poganiza kuti uzikayala mabedi. Sindiwauza kuti uzikaphunzitsa alendo kuimirira pa thabwa lokhala ndi thanga, mphepo n'kumawathamangitsa pamwamba pa madzi. Ndingayambire pati? Tsiku limene unandionetsa pafoni ndinati ichi n'chitseko chimene achimangirira chitenje, iwe n'kuseka mpaka kugubuduka pamphasa. Koma gawo limodzi ndinalimva bwino lomwe. Unati m'mawa uliwonse ndiwe amene uziima pagombe, kuyang'ana mphepo ndi mafunde, n'kunena ngati anthu alowe m'madzi kapena asalowe. Ukakweza mbendera yofiira, palibe wotenga thabwa. Mwana wanga, ntchito yako ndi imeneyo, ndipo ndi pamenepo pamene ndikukuopera.

Ukukumbukira pa Khirisimasi ija unabwera kuchokera ku Siavonga, pa loji ya m'mbali mwa nyanja ya Kariba imene unaphunzirira masewera amenewa? Tinali pakhonde tikusadzula chibwabwa, masamba a maungu aja, iwe, ine ndi asuweni ako awiri aja. Unayamba kutisimbira za mlendo wina wa imvi amene anafuna thabwa tsiku la mphepo.

"Mphepo inali yoipa, amai," unatero. "Mafunde yonse yanali na thovu pamwamba. Ninabauza ati tilindileko, koma beve bati, nachoka kutali ine, mailo nibwelela."

"Nanga iwe unachita chani?" ndinakufunsa.

"Ninabapasa thabwa, na ine ninangena nabo. Sembe ninakana bwanji? Banali bakulu monga agogo."

Unapitiriza kunena kuti mphepo inakutengerani kutali nonse awiri, mkuluyo manja atalema osathanso kudzutsa thanga, mpaka boti la injini linabwera kudzakukokani. Unaseka, asuweni ako anasekanso. Ine ndinadzuka n'kulowa m'nyumba ngati ndikukatenga mchere, koma ndinangokakhala pabedi. Mawu amenewo, akuti ndikanakana bwanji munthu wamkulu, ndinali nditawaonapo akugwira ntchito yake. Tsiku limenelo sindinakuuze kanthu. Lero ndikuuza, koma undilole ndiyambire patali, monga umo timachitira ife akale.

Sindinaimepo pa thabwa lakolo, nyanja yamchere sindinaione, kusambira sindidziwa. Koma mphepo ndikuidziwa, chifukwa mlimi amakhala nayo chaka chonse, ndipo yandiphunzitsa ndi ndodo.

Chaka choyamba nditakwatiwa ndinafuna kuonetsa atate ako kuti sanakwatire mlesi. Tinali titapuntha nyemba zambiri, ndipo ndinatenga lichero kupita pabwalo kukauluza. Kamphepo kanali kabwino, kakuwomba pang'onopang'ono, kakuchotsa mankhusu n'kusiya nyemba zikugwera pamphasa. Koma mwa apo ndi apo kunkabwera ina yamphamvu, kugwedeza denga la nkhokwe, n'kupita. Amai anga anandiuza kuti ndidikire madzulo. Ine ndinati yamphamvuyo sikhalitsa, ndiziuluza pakati pake. Ndinakweza lichero pamwamba pa mutu, ndipo nthawi yomweyo inabwera, inandilanda lichero m'manja n'kuwaza nyemba m'tchire monse. Nkhuku za mudzi wonse zinandithokoza. Ndinakhala mpaka dzuwa kulowa ndikutola imodziimodzi m'fumbi, amai anga akungondiyang'ana. Misozi, mphepo saiyesa pamene yapuma. Ukaima pagombe paja usadzayang'ane mmene ikuwombera nthawi zambiri. Udzadikire, udzaone ija yamphamvu imene ikubwera n'kupita, udzadzifunse ngati mlendo wakoyo angagwire thanga ikamupeza imeneyo. Ngati sangathe, ndiye kuti mphepo yakula, ngakhale pakati pake pakhale bata lotani.

Chaka china, iwe uli wakhanda kumsana, ndinatentha mapesi m'munda wa kudambo. Ndinalawira, kunja kuli zii, utsi ukukwera chilili. Ndinati ndimaliza dzuwa lisanakwere. Ndinaiwala kuti mphepo ya nyengo yachilimwe imagona m'mawa, imadzuka dzuwa likatentha. Pamene ndinkafika pakati pa munda inadzuka, inatembenuza moto n'kuulumphitsa malire. Ndinathyola nthambi yaiwisi kuyamba kuzimitsa, koma manja anali atatopa kale ndi ntchito ya m'mawa wonse, iwe ukulira kumsana ndi utsi. Moto unakadya udzu wofolerera umene a NaBanda, oyandikana nafe aja, anamweta mwezi wathunthu. Sananditukwane, anangokhala pachulu n'kumayang'ana phulusa. Ndinawamwetera wina mpaka zikhatho kutuluka matuza. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti funso silakuti kodi ndingayambe. Funso n'lakuti ndikamadzamaliza, nditatopa, mphepo idzakhala yotani. Nawenso udzifunse chomwecho. Kutuluka m'mawa madzi ali phee sikovuta. Udzaganizire za pobwerera, dzuwa litakwera, mlendo wako atagwa n'kudzuka kambirimbiri, mikono italema.

Tsopano ndifike pa atate ako. Nkhaniyi ukuidziwa, koma unaimva kwa anthu a m'mudzi, amene amangoti anamira m'damu, tsoka sasimba. Ine ndinalipo, ndinaima pagombe ndi dengu m'manja, ndipo silinali tsoka lokha.

Atate ako anali a ku Luangwa, kumene mwana amadziwa kupalasa bwato asanadziwe kumanga kabudula. Anabwera kuno kudzagwira ntchito pa famu ija ya kumunsi kwa mudzi, anandiona, anandikwatira, n'kumanga nyumba pamudzi pa atate anga monga mkamwini. Anali munthu wofatsa, wosakweza mawu, ndipo ulemu wake unkatchulidwa ngakhale m'midzi ina. Akakumana ndi atate anga panjira ankapatuka, kunjuta, kuwomba m'manja, maso pansi. Atate anga ankawakonda kuposa ana awo obereka. Mwini famu ankalola anthu kutchera maukonde m'damu lake lalikulu lija, ndipo atate ako anasema bwato lawo, moti pakhomo pathu nsomba sizinkasowa. Akazi anzanga ankandichitira nsanje, nane ndinkayenda monyada.

Unali mwezi wa Ogasiti, nthawi ya mphepo ndi fumbi, ine ndili ndi pakati pako, patatopa. Tsiku limenelo kunkabwera alendo, abale a mkazi amene mlongo wanga ankafuna kukwatira. Atate ako anali atatchera ukonde dzulo lake kutsidya kwa damu. M'mawa ndinawapeza ataima kuseri kwa nkhokwe, akuyang'ana mitengo ya bulugamu ya pamwamba pa phiri. Nsonga zake zinkawerama n'kudzuka, kuwerama n'kudzuka.

"Lelo madzi siyali bwino," anandiuza motsitsa mawu. "Ukonde unkale, nizautenga mailo."

Ndinavomera kuti ukondewo udikire mawa, n'kuyamba kuganiza zopha nkhuku. Koma atate anga anabwera akumwetulira, atavala kale jekete yawo ya kutchalitchi. Sanabwere ndi ukali, Misozi, ndikufuna umve bwino pamenepa. Anabwera ndi kunyada.

"Alendo sangadye nkuku monga kulikonse," anatero. "Pano pali mkamwini wa ku Luangwa. Baone kuti pa nyumba pano tidya nsomba."

Tinatsika tonse atatu kupita kudamu, ine ndi dengu loti ndilandirire nsombazo. Mphepo inkachokera kumbuyo kwathu, kudutsa pamwamba pa phiri ndi mitengo, kulowera kutsidya. Pagombe pamene tinaima phiri linkatitchinga, moti ngakhale mpango wanga sunkagwedezeka. Madzi a pamapazi athu anali osalala. Koma ukakweza maso kuyang'ana pakati, unkaona toyera tikutuluka n'kuzima, kutuluka n'kuzima, ngati munthu wawaza ufa pamadzi. Atate ako anayang'ana pakatipo. Atate anga anayang'ana pamapazi.

"Mwaona? Madzi yali zii monga mu beseni," anatero atate anga.

Sankanama. Ananena zimene anaona. Munthu wakumtunda amayesa madzi ndi amene ali pafupi naye, ndipo atate anga moyo wawo wonse anali asanakwerepo bwato. Amene ankadziwa anali atate ako. Ndinawaona akutsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako ananjuta, anawomba m'manja, n'kunena kuti, "Inde, atata."

Ine ndinangoima. Mkazi sayankha atate ake pamaso pa mwamuna wake, ndi mmene tinaleredwera. Ndinali nditamva ndi makutu anga kuseri kwa nkhokwe kuti madzi sali bwino, koma ndinagwira dengu langa n'kukhala chete monga mwana waulemu.

Popita bwato linathamanga, mphepo ikulikankha kumbuyo. Atate anga anaseka ndi chimwemwe, anati taonani, afika kale. Mwana wanga, mphepo yochokera kumtunda ndi yotero. Imasalaza madzi a pagombe kuti ukhulupirire, imakuperekeza bwino popita, koma pobwerera imakuima pachifuwa. Iwe unandiuzapo zimenezi m'mawu a kuntchito kwanu, kuti mphepo yowomba kuchokera kugombe kulowera kunyanja ndiyo yoopsa kuposa zonse. Ndinagwedeza mutu ngati ndikuphunzira chatsopano. Sindinkaphunzira, ndinali nditaiona ndi maso.

Atate ako anavuula ukonde n'kuuika m'bwato, wolemera ndi madzi ndi nsomba. Anatembenuka kuti abwerere. Tinkawaona akupalasa ndi mphamvu zonse, bwato osasuntha. Anafika movutikira pakati pa toyera tija, ndipo pamenepo inabwera yamphamvu ija, imene inandilanda lichero. Inatembenuza bwato cham'mbali, funde linalowa, bwato linagudubuka. Ndinaona mutu wawo ukutuluka, manja atagwira bwato. Anali moyo, Misozi, atagwira bwino. Koma mphepo inkakankhira bwatolo kutali ndi ife, ku mabango a kutsidya, ndipo ife tinayamba kukuwa. Atate anga ankakuwa kuti bwerani, bwerani. Nane ndinkakuwa chimodzimodzi. Atate ako anasiya bwato n'kuyamba kusambira kubwera kumene apongozi awo ankawaitanira, mafunde akuwamenya kumaso.

Bwato linakafika lokha ku mabango, lili bwinobwino, ndipo mlongo wanga anadzaligwiritsa ntchito zaka zambiri. Thupi la atate ako anthu analipeza mawa lake. Akanangokhala pa bwato lija akanafika kutsidya, akanazungulira damu wapansi, madzulo akanadya nafe. Unandiuza kuti lamulo loyamba limene mumaphunzitsa alendo n'lakuti zikavuta asasiye thabwa, chifukwa thabwa silimira. Lamulo limenelo ndi lako nawenso. Thanga likang'ambika, mphepo ikakutenga, gona pa thabwa, kweza dzanja, dikira boti. Ngakhale anthu pagombe akuwe motani, ngakhale utamva ngati ndine ndikukuitana, usalisiye.

Agogo ako unawadziwa ngati nkhalamba yachete imene inkakusemera ngolo za zidole pakhonde. Sanali otero kale. Anali munthu wa nthabwala, woyamba kuvina paukwati. Kuchokera tsiku limenelo sanadyenso nsomba, ngakhale kapenta, ndipo njira ya kudamu sanaipondenso. Ndiwo anakutcha dzina lakoli. Sindinawanenepo kanthu, nawonso sanatchule za tsikulo, mpaka pamene anadwala matenda awo omaliza, iwe uli ku sekondale. Ndinali kuwamwetsa phala. Anakankha sipuni n'kundigwira dzanja.

"Amuna ako sembe ananiuza chabe," anatero. "Ine madzi sininali kuyadziwa. Sembe anakamba ati iyayi, atata. Sembe ninakalipa tsiku limodzi. Tsiku limodzi chabe, mwana wanga."

Analira ngati mwana, ndipo nane ndinalira. Madzi akatayika saoleka. Munthu amene atate ako ankaopa kumukhumudwitsa anakhala moyo wake wonse wotsala akulakalaka akanakhumudwitsidwa.

Ungaganize kuti atate ako atamira ndinakulera mosiyana. Ayi ndithu, ndinakulera monga anandilerera ine, chifukwa njira ina sindinkaidziwa. Gwada popereka madzi. Usayang'ane wamkulu m'maso. Akakutuma, pita, udzafunsa pobwera. Mlendo ndi mame, mupatse chimene wafuna. Mawu a akulu akoma akagonera. Zonsezi ndinakuthira m'makutu usanamere mano, ndipo unazimva kuposa ana onse a m'mudzi muno. Azimayi akutchalitchi akamati Misozi ndiye mwana, satsutsa, ine ndinkafufuma ngati mkate. Sindinaone kuti ndikuumba atate ako kachiwiri, nkhope yomweyo, chikondi cha madzi chomwecho, ndi inde yemweyo. Ndinazindikira pakhonde paja, chibwabwa chili m'manja, pamene unati ukanakana bwanji munthu wamkulu ngati agogo.

Sindikuti utaye ulemu. Ulemu ndi chovala chako, pita nacho, anthu akudziko lachilendo akadziwe kuti unachokera pakhomo pa anthu. Koma mvetsa ichi. Mawu a akulu amakoma pa zimene akuluwo akudziwa. Atate anga ankadziwa nthaka, ng'ombe ndi mvula, ndipo pa zimenezo sindinawaonepo akulakwitsa. Madzi sankawadziwa. Pagombe paja wamkulu anali atate ako, ngakhale ananjuta. Nawenso pagombe la ku Tanzania wamkulu udzakhala iwe. Adzabwera a imvi, a mimba zazikulu, olankhula Chizungu chothamanga, ena adzakuuza kuti akhala akukwera matabwa iwe usanabadwe. Adzaloza madzi osalala a pamapazi awo monga anachitira agogo ako. Sadzakhala anthu oipa. Adzakhala anthu amene abwera kutali, amene mawa akubwerera, amene kwawo kuli wina akuwadikira.

Ndiye ukadzuka m'mawa uzikayang'ana kutali, osati pamapazi. Ukaona toyera tija tachuluka pakati, mphepo ikuulutsa thovu pamutu pa mafunde, usayambe kudzinyengerera kuti mwina zichepa. Ukamva mchenga ukukuluma akakolo, unandiuza wekha kuti pamenepo ngakhale thanga laling'ono limamulaka munthu wophunzira. Ukayang'ana kunyanja mphepo n'kumakuwomba kumsana, kumbuka phiri la kwathu ndi mitengo ya bulugamu. Kumwamba kukada mbali imodzi, usadikire kuti uone ngati mtambowo ukubwera kwa iwe. Boti la injini likakhala palibe, kapena woyendetsa wapita kukadya, munthu asalowe. Ndipo tsiku limene mtima wako ukukayika popanda chifukwa chimene ungatchule, umvere. Atate ako mtima unawauza zoona kuseri kwa nkhokwe, dzuwa lisanakwere n'komwe. Zimenezi ukuzidziwa kuposa ine, ndiwe unandiphunzitsa zambiri mwa izo. Chimene ndikuopa si chakuti sudzaona. Ndikuopa kuti udzaona bwinobwino, kenako udzagwetsa maso pansi n'kupereka thabwa.

Ngati kukana uli chiimire kukukulemera, gwada. Womba m'manja ngati ukufuna, muitane kuti bwana, mupatse mpando pamthunzi, mubweretsere madzi ozizira, umuuze kuti mawa m'mamawa mudzayesa. Zonsezo chita. Koma mbendera yofiira ikhale m'mwamba ndipo thabwa likhale pamtunda. Adzakalipa, mwina adzapita kukakunenera kwa akuluakulu a hotela. Mwina nawonso akuluakuluwo adzakuuza kuti mlendo sakanizidwa, umulole kamodzi kokha. Amenewonso uwakanize. Akakuchotsa ntchito chifukwa cha zimenezo, kwera ndege ubwere. Munda ulipo, khasu lako ndalisunga kuseri kwa chitseko, ndipo palibe amene adzakuseke ine ndili moyo. Ndingakonde kukulandira pamsewu wa Chongwe uli ndi manyazi ndi chikwama chopanda kanthu, kusiyana ndi kulandira foni ya munthu amene sindikumudziwa.

Ndipo usaganize kuti ndikunena za alendo okha. Ndikukudziwa, Misozi. Ndinaona nkhope yako pafoni paja ukuuluka pamwamba pa madzi, mano onse pamtunda, ndipo ndinadziwa kuti mphepo yamphamvu umaikonda. Lidzafika tsiku alendo onse atakhala pamthunzi, anzako akuntchito, anyamata obadwira m'mbali mwa nyanja, akutenga matabwa n'kumakuseka kuti mtsikana wa ku Zambia akuopa. Asiye aseke. Iwo nyanjayo anakulira momwemo, akudziwa pamene pali miyala ndi pamene madzi amakoka. Iwe ndiwe mlendo kumeneko, ndipo nyanja yamchere si Kariba. Yamba wakhala pagombe masiku ambiri ukungoyang'ana, ufunse asodzi akumeneko mphepo yawo imadzuka nthawi yanji ndipo imachokera kuti. Usalowe wekha. Jekete yoyandamitsa ija uzivala ngakhale ikuchititse kuoneka ngati thumba la makala.

Tsopano ndimalize ndi za sabata yatha, chifukwa ndikudziwa kuti zikukulemera, ndipo wakhala ukundizemba maso.

Tinali kudimba tikukumba kandolo, mbatata yathu ija. Ndinali nditadziletsa kuyambira tsiku limene unandiuza za ulendowu, koma tsiku limenelo ndinaona msana wako ukuwerama pa mzere, wofanana ndi wa atate ako, ndipo mphamvu zinandithera. Ndinachita chimene ndinalumbira kuti sindidzachita.

"Misozi, osayenda," ndinatero. "Nkala. Madzi yananitengela kale umodzi. Ine nakalamba, nizasala na ndani?"

Unaika khasu pansi. Unagwada m'dothi momwemo, manja pamodzi, maso pansi, monga ndinakuphunzitsira. Mtima wanga unayamba kukondwa, chifukwa kugwada kumeneko ndikukudziwa, ndipo ndimadziwa mawu amene amatsatira. Milomo yako inanjenjemera.

"Iyayi, amai," unatero. "Niyenda."

Chibadwire unali usanandiuzepo mawu amenewo. Anandilasa, sindinama. Ndinasenza dengu n'kukusiya uli chigwadire, ndipo tsiku lonse sindinakulankhule. Unandiikira madzi osamba, sindinathokoze. Unandipakulira chakudya, ndinati ndakhuta. Ndinakwiya ngati mwana wolandidwa chimanga chootcha.

M'mawa mwake ndinadzuka kukasesa pabwalo, ndipo ndinapeza kuti mkwiyo watha. Ndinaufunafuna mumtima, unalibemo. Ndinaima ndi tsache m'manja, mawu a agogo ako n'kundibwerera, akuti tsiku limodzi chabe, mwana wanga. Ananena zoona. Ndinayang'ana pakhomo pa nyumba, iwe ukutuluka ndi ndowa pamutu, wamoyo, ukupita kuchitsime. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, ndipo iwe unaganiza kuti ndikulirira ulendo wako. Ndinkalirira atate ako, amene mawu aafupi ngati amenewo anawakanika, ndipo ndinkathokoza Mulungu kuti mwana wawo sanamukanike.

Choncho usapite ndi mtima wolemera poganiza kuti unalakwira amai ako. Chisoni ndili nacho, ndipo ndikhala nacho, ndizisesa pabwalo ndekha ndi kuyang'ana ndege. Koma mantha amene ndinali nawo kuyambira pa Khirisimasi ija achepa. Ngati unatha kundikana ine, amene ndinakubala, nditaima pamaso pako ndi misozi, ndiye kuti palibe mlendo, palibe bwana, palibe wa imvi amene angakulake. Mphepo ikadzakula, udzakumbuke dimba lija. Udzagwade ngati ukufuna, milomo injenjemere ngati ikufuna, koma udzanene monga unandiuzira ine.

Nshawazo udye pang'onopang'ono, usagawire ndege yonse. Ukafika undiimbire, ndipo ndikadzakufunsa ngati wadya, udzadziwe chimene ndikufunsa.

Ndine amai ako,
amene unawakana, ndipo akukudikira.